Dzanja la Kumapeto kwa Kalata

Kuno ku tauni,
3 Malichi

Okondedwa Achimwene,

Moni wochuluka kwa inu, kwa alamu, ndi kwa mwana wanga Kamphepo. Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino. Ine kuno ndilipo, kungoti msana ukundikumbutsa kuti utsikana unatha.

Kalata yanu ndinalandira. Mwati Kamphepo wathyola chogwirira cha ketulo, ndiponso nsapato zayamba kumuthina. Za ketulo musandidandaulire ine. Mwanayo anatengera amalume ake, inuyo amene munandipana kachala ndi chitseko tili ana, mpaka lero sikanawongoke. Za nsapato, mumuimike pa pepala, muzungulize pensulo m'mbali mwa phazi, munditumizire. Koma aime chilili, asakhale pansi ngati chaka chatha, paja nsapato zija zinafika zazing'ono.

Mwafunsa za ntchito. Andichotsa kochapa, tsopano ndili ku makina ositira. Mukudziwa kuti fakitale yathu imachapa nsalu za pabedi za m'mahotela. Makinawo ndi chimgolo chachitsulo, chachitali kuposa chipinda chanu, chotentha, chongozungulira osapuma. Timaima awiri, wina uku wina uku, aliyense atagwira ngodya ya nsalu yonyowa, n'kuilowetsa. Chimgolocho chimaimeza, kuseri imatuluka youma, yosalala. Ikalowa yokwinyika kapitawo amakuwa, ndiye timaiwongola ndi manja ikulowa kumene. Amati n'zoletsedwa, koma aliyense amatero, ndi kapitawo yemwe.

Ndikaweruka ndimafika m'kachipinda kanga. Muli bedi, mpando ndi chitofu, basi. Khoma lake ndi lopyapyala. Aneba ali ndi ana atatu, ndimawamva akuwakalipira kuti akasambe, ndipo ndimachita nawo nsanje. Taganizani, nsanje ya kukalipira mwana! Lamulungu munthu amene ndimalankhula naye ndi wogulitsa buledi yekha, ndipo nayenso amangogwedeza mutu.

Tsopano mupatseni mwanayo pepalali.

Kamphepo mwanawe, uli bwanji? Ndamva kuti masamu wakhoza bwino. Tsitsi akukuluka ndani? Usalire anti ako akamakoka. Ndikadzabwera ndidzakuluka ndekha, timizere ting'onoting'ono tija umatikonda. Dzanja langa ndi ilo pansipo, monga mwa nthawi zonse. Ndi lamanja, lija unkagwira tikamapita kumsika, la kachala kopindika. Kulijambula ndi lamanzere n'kovuta, ndiye usaseke mzere wonjenjemerawo. Uike lako pamwamba pake, uone pamene zala zako zafika, undiuze. Ukaliika udziwe kuti tagwirana.

Ine mlongo wanu,
Make Kamphepo

*

Kuno kwathu,
26 Epulo

Okondedwa Chemwali,

Moni kuchokera kwa ine, alamu anu ndi mwana wanu. Ife tili bwino, kaya inu, poti kwanuko kwangoti zii.

Phazi tinajambula ataima njo ngati msilikali, tinatumiza mwezi watha. Yankho palibe. Ndinalembanso, palibe. Kodi ku tauniko mapepala atha? Kapena nsalu za m'mahotelazo mwayamba kugonapo nokha, tulo take tosadzuka nato?

Ine sindikudandaula, ndili ndi njinga za anthu zondisowetsa mtendere. Vuto ndi mwanayu. Akaweruka kusukulu sabwera kunyumba, amapita ku positi ofesi kukaima pa zenera. Bambo wa pa positi uja wafika pomupukusira mutu asanafunse n'komwe. Akachoka kumeneko amabwera ku shedi kumene ndimakonzera njinga, n'kukhala pa tayala, duu. Inu mukumudziwa Kamphepo, mwana woti pakamwa sipatsekeka. Masiku ano ndimachita kumuputa dala kuti andiyankhe mwano, ndimveko mawu ake.

Makalata anu onse amasunga m'chitini cha mabisiketi pansi pa bedi. Dzulo ndinamupeza atawayala pansi, manja okhaokha kuyambira pakhomo mpaka kukhoma, iye akukwawa, kuika dzanja lake pa lililonse. Akuti ndikuuzeni kuti zala zake zapitirira mfundo yoyamba ya zanu. Ine ndinatuluka panja, ndinati ndikukaona nkhuku, chonsecho nkhuku tilibe.

Lembani, Chemwali, ngakhale mizere iwiri. Ngati mwadwala nenani. Ngati mwakwiya ndi nkhani ya ketulo, ndagula ina.

Ine mlongo wanu,
Malume ake a Kamphepo

*

Kuno ku tauni,
10 Meyi

Okondedwa Achimwene,

Moni nonse. Makalata anu andibweretsera anzanga a kuntchito. Pepani kuti ndinakhala chete. Ndili bwino, musade nkhawa. Ndasamuka pang'ono, koma muzilembabe pa keyala yomwe ija, azindibweretsera. Nsapato zichedwa.

Kamphepo, usamakaime ku positi, dzuwa lingakudwalitse. Uzimvera amalume ako. Ndimakuganizira tsiku lililonse.

Ine mlongo wanu,
Make Kamphepo

Wolemba ndine mnzawo. Ndalemba zimene anena, sindinawonjezere kanthu.

*

Kuno kwathu,
25 Meyi

Chemwali,

Moni ndikukupatsani chifukwa kalata imayamba ndi moni, koma mtima wanga suli bwino.

Tadikira nthawi yonseyi, ndiye mutitumizire timizere towerengeka, tolemba munthu wina? Mnzanu ameneyu ndani? Alamu anu akuti zilembo zopendekeka chonchi ndi za mwamuna. Ine ndinawatsutsa, koma nanga "ndasamuka pang'ono" ndiye kuti chiyani? Munthu amasamuka pang'ono? Ngati mwapeza banja si mlandu ayi. Bambo ake a mwanayu anamwalira kalekale, palibe angakulozeni chala. Koma nenani poyera, tisachite kumvera kwa anthu. Kapena mwakwezedwa pantchito, mwasanduka bwana wokhala ndi mlembi wake?

Zimenezo ndi zanga, ndikhoza kuzimeza. Koma tamverani zimene mwamuchita mwana. Kalatayo anabwera nayo yekha akuthamanga, envulopu anaing'amba ndi mano. Sanawerenge. Anayang'ana pansi pa pepala. Analitembenuza. Anasuzumira mu envulopu, n'kuikutumula. Kenako anafunsa kuti, "Amalume, dzanja lili kuti?" Ndinati mwina amayi ako anali pa changu. Iye anati, "Kujambula dzanja sikuchedwa."

Ndimuyankhe chiyani ine? Chichokereni inu simunaphonyepo. Ngakhale nthawi ija munadwala malungo munajambula ndithu. Kalata iyi sanaiike m'chitini. Yangokhala pa tebulo, ndipo alamu anu akhazikapo kale kapu ya tiyi.

Ngati mwatopa naye mwana, nenani, ife timulera. Koma musamuzimitse pang'onopang'ono ngati nyali yotha mafuta.

Ine mlongo wanu

*

Kuno ku tauni,
9 Juni

Okondedwa Achimwene,

Moni. Kalata iyi muwerengere ku shedi kwanu, osati kunyumba. Pepala lachiwiri ndi la mwana, lino ndi lanu nokha.

Mawu anu andilasa, koma sindikukwiyirani. Mwamuna palibe. Kumene ndasamukira ndi kuchipatala, mu wodi ya anthu opsa. Ndili muno kuyambira kumapeto kwa Malichi.

Nsalu inalowa itapindika pangodya. Ndinatambasula dzanja kuti ndiiwongole, monga ndachitira kambirimbiri. Nsaluyo inandikulunga zala, chimgolo n'kukoka. Mnzanga anathamanga kukazimitsa makina, koma kuti amasule chitsulocho panapita nthawi, dzanja lili mkati, likupsa. Sindinakomoke, Achimwene. Bola ndikanakomoka.

Ndi dzanja lamanja. Adokotala sanafulumire kudula. Anati tidikire, thupi lokha lionetsa pamene pafa ndi pamene pali moyo. Ndiye m'mawa uliwonse anamwino akamasula bandeji ndinkaona zala zanga zikuda, kuyambira kunsonga kumatsika. Pamene ndinkakutumizirani kalata yaifupi ija n'kuti chimodzi atachotsa kale, ndikupempherera ziwiri zinazo. Sizinapulumuke. Zitatu zapakati zapita zonse, mpaka m'munsi. Chatsala ndi chala chachikulu ndi kachala kanu kaja kopindika. Taonani zake, zala zabwinobwino kupita, kutsala kolumala kale. Pamwamba pa dzanja anamatapo khungu limene anasenga pa ntchafu yanga, ndipo pa ntchafupo ndi pamene pamawawa koposa.

Chodabwitsa n'chakuti zala zimene kulibezo zimayabwa. Ndimafuna kukanda, ndimangopezeka ndikukanda bulangeti.

Ndikuphunzira kudya ndi lamanzere ngati khanda. Batani la malaya ndimalimbana nalo mpaka thukuta. Koma chimene chimandivuta kwenikweni ndi nthawi ya alendo. Belu likalira anthu amalowa ndi mabasiketi, bedi lililonse n'kuzunguliridwa, kuseka, kupemphera, kukangana. Ine ndimatembenukira kukhoma ngati ndagona. Anzanga a kuntchito ankabwera poyamba, koma nawonso ali ndi mashifiti awo. Pa makina paja anaikapo kale munthu wina.

Tsopano pempho langa. Mwana musamuuze. Mukudziwa mtima wake, nkhuku ikamaphedwa kwa aneba iye amatseka makutu. Mnzanga akundilemberayu anati tijambule lamanzere, ndinakana, chifukwa mwanayo afunsa kuti lamanja lili kuti. Ndinamulonjeza kudzamuluka tsitsi, ndidzamuluka ndi chiyani? Ineyo mwini wake sindinathebe kuliyang'anitsitsa dzanjali, nanji mwana. Ndikuopa kuti tsiku limene ndidzatsike basi ndidzatambasula manja, iye n'kubwerera m'mbuyo. Chimenecho sindingachipirire, bola zala zotsalazi zipitenso. Mumuuze kuti ntchito yachuluka. Ndipatseni nthawi.

Ine mlongo wanu,
Make Kamphepo

Bambo, ndine wolemba uja, ndipo ndine mkazi, muwauze alamuwo. Ndikudwazika mwana wanga wamkazi pa bedi loyandikana ndi la achemwali anu. Ali ndi zaka zitatu. Anagwetsa nyali ya parafini, malaya anagwira moto, dzanja lamanzere linapsa. Ife kunyumba tinangolimanga ndi nsalu, zala zonse pamodzi, tinkati lipola. Tinabwera naye kuno litayamba kununkha. Analidula pamene munthu amavala wotchi. Ine ndimalira, mwini wake amasewera. Kamkonoko wakapatsa dzina, akuti ndi Kabwana, ndipo pakudya amayamba wakapatsa kaye iko. Achemwali anu ndawauza kuti amuuze mwanayo zoona, koma ndi ouma mutu. Izi ndawonjezera iwo atapita kokasamba, sakudziwa.

*

Kuno kwathu,
24 Juni

Okondedwa Chemwali,

Moni, mlongo wanga. Kalata yanu ndinaiwerenga nditakhala pa tayala, ndipo kasitomala wina anachoka ndi njinga yake yosapopa chifukwa sindinkamumva n'komwe. Mundikhululukire mawu anga aja. Pakamwa panga mumapadziwa, pamathamanga kusiya mutu m'mbuyo. Alamu anu alira, akuti muwakhululukire za mwamuna zija. Amayi olembawo muwathokoze kwambiri, ndipo kamwana kawoko Mulungu akachiritse. Ndikanabwera, koma muli m'dziko la eni, kutalika kwake mukukudziwa, ndipo mapepala odutsira pa malire ndilibe.

Mwana sitinamuuze, monga munanenera. Koma pepala lake lija linandisowetsa mtendere, chifukwa pansi pake panalinso pambalambanda, ndipo ndinadziwa zimene zichitike. Ndiye mlongo wanu anaganiza nzeru. Ndinaitanira alamu anu ku shedi, ndinawaika dzanja pa pepalapo, n'kuzunguliza pensulo. Musaope, kachala sindinaiwale. Ndingaiwale bwanji ntchito ya manja anga? Ndinawauza kuti akapinde. Linatuluka bwino zedi, kuposa mmene mumajambulira eni akenu. Ndinamata envulopu bwinobwino, n'kumuuza kuti bambo wa pa positi anaisiya kwa ine.

Anailandira, anayang'ana pansi pa pepala, anapita nayo kuchipinda. Anakhalako nthawi ndithu. Atatuluka sanafunse kanthu, anakatsuka mbale osatumidwa. Mwaona? Nkhani yatha. Inu muzingotumiza mawu, manja tizijambula konkuno mpaka mutachira.

Muzidya, Chemwali. Nthawi ya alendo musamatembenukire kukhoma. Muzitenga kalata yanga yamwano ija, muzinditukwana chamumtima, nthawi izipita.

Ine mlongo wanu,
Malume ake a Kamphepo

*

Kuno kwathu,
6 Julayi

Kwa munthu amene mumalemba makalata,

Moni. Ine ndine Kamphepo. Sindikukudziwani. Sitampu andipatsa aphunzitsi, amalume sakudziwa.

Dzanja limene linali pa kalata si la amayi anga. Ndaliyerekeza pa zenera ndi manja onse a m'chitini, siligwirizana ndi lililonse. Ndi lalikulu. Kachala ka amayi kanapindika kunsonga, aka kapindika pakati. Mzere wa amayi umanjenjemera chifukwa amajambula ndi lamanzere, uwu ndi wowongoka. Ndiponso pali girisi wa njinga. Ndi dzanja la a anti, ndaliyang'ana bwinobwino akuchapa.

Zilembo si za amayi. Dzanja si la amayi. A anti ankalira kuseri kwa nyumba, atandiona anati ndi utsi, koma moto kunalibe. Amalume akumandigulira masiwiti popanda chifukwa.

Bambo anga atamwalira anandiuza kuti apita ku ulendo. Ndinadikira mpaka anachita kundiuza ndi mwana wa aneba. Nthawi imeneyo ndinali wamng'ono. Pano ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, musandinamize.

Ndikufuna mundiuze izi. Amayi anamwalira tsiku lanji? Munawaika kuti? Panali munthu amene anawagwira dzanja? Ngati anasiya mpango wawo wobiriwira, munditumizire. Nsapato musavutike nazo.

Musalembenso kuti ndinu amayi anga. Ndi tchimo.

Ine Kamphepo

*

Kuno kwathu,
11 Julayi

Chemwali,

Moni. Ndalakwitsa, ndipo ndalakwitsa kwambiri.

Aphunzitsi a mwanayu anabwera ku shedi kudzandipepesa maliro anu. Sipanala inandipulumuka m'manja. Akuti wauza kalasi yonse kuti amayi ake anamwalira, ndipo walembera kalata kwanuko. Dzanja langa lanzeru lija analizindikira tsiku lomwelo. Mbale zija ankatsuka ali pa maliro, ine ndikudzitama.

Kusukulu wasiya kupita. Chakudya amangochigwiragwira. Diresi lanu lakale lamaluwa lija walitulutsa m'sutikesi, amagona atalikumbatira. Salira, ndipo chimenecho ndi chimene chikundiopsa.

Ndaphwanya pangano lathu. Ndamuuza zonse, za makina, za chipatala, za zala. Anandiyang'ana mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Amalume, nanga mawa mudzanena chiyani?" Ndalumbira, alamu anu alumbira, ndamuonetsa kalata yanu yaitali ija. Akuti analemba ndi munthu yemwe uja. Mawu anga sakugwiranso ntchito m'nyumba muno.

Ine nzeru zandithera, ndipo mwaona nokha kumene nzeru zanga zimatifikitsa. Chimene angakhulupirire mukuchidziwa. Sindikukukakamizani, koma mwana akutha.

Ine mlongo wanu

*

Kuno kuchipatala,
27 Julayi

Kamphepo mwana wanga,

Ndine mayi ako. Ndili moyo.

Zilembo zoipazi ndi zanga. Ndikulemba ndi dzanja lamanzere, layamba kumene sukulu, iwe walisiya kutali. Amayi amene ankandilembera aja anatuluka sabata yatha ndi mwana wawo. Kamwanako kananditsanzika pondibayibitsa ndi kamkono kake kodulidwa, kakuseka. Pa bedi pawo pagona munthu wina amene salankhula. Kalata yako ndinaiwerenga ndekha, ndipo ndinalira mpaka anamwino anabwera kudzafunsa ngati bala layambanso kuwawa.

Unafunsa ngati panali munthu amene anandigwira dzanja. Masiku amene ankapita nane kukadula zala panalibe, mwanawe. Ndiwe woyamba kufunsa.

Amalume ako anena zoona. Usawakwiyire, ndine ndinawauza kuti akubisire. Makina a kuntchito anandiwotcha dzanja lamanja, ndipo adokotala anachotsa zala zitatu kuti dzanja lonse lisawole. Ndinkaopa kuti ukaliona udzandiopa. Ndinkati ndikukuteteza, osadziwa kuti ndakusiya pa maliro wekhawekha. Pepa, mwana wanga. Pepa kwambiri.

Lero m'mawa atamasula bandeji ndinawapempha anamwino kuti adikire kaye asanamangenso. Bala lapola, akungomanga kuti khungu latsopano lisakhulike. Ndinaika dzanja pa pepala lino. Aka kanali koyamba kuliyang'ana osatembenuza nkhope, chifukwa munthu sungajambule utatsinzina. Anamwino anafuna kundigwirira pensulo, ndinakana, paja iwe mzere wanga umaudziwa.

Ndi ilo pansipo. Si lokongola. Pakati pamene panali zala, pensulo yangodutsa mopingasa. Koma yang'ana kumapeto. Kachala kaja kalipo, sikanapse n'komwe. Katenge chitini chako uyerekeze.

Tsitsi sindidzatha kukuluka. Ndinalonjeza, koma sindidzatha, ndipo ndi bwino ndikuuziretu panopa. Adokotala akuti mwezi wamawa ukamatha akhoza kunditulutsa. Ndikubwera kwathu, kuno ndilibenso chochita. Ngati udzaope kuliona, ndidzalikulunga mu mpango wobiriwira uja, ndipo sindidzakwiya. Ungondiyankha, ngakhale mawu amodzi okha. Ndipo udye.

Ndine mayi ako, ndipo si tchimo.

*

Kuno kwathu,
12 Ogasiti

Okondedwa Amayi,

Moni. Muli bwanji? Ine ndili bwino. Ndadya.

Ndi lanu. Ndaliika pa zenera pamwamba pa lija la mwezi wa Malichi. Chala chachikulu chagwirizana, kachala kagwirizana, ndipo mzere ukunjenjemera. Ndinakuwa mpaka a anti anagwetsa beseni. Amalume anati akukaona nkhuku, koma nkhuku tilibe.

Poyamba ndinaopa pang'ono, sindinama. Ndinalibisa pansi pa pilo. Kenako ndinalitulutsanso. Pano ndaliyang'ana kambirimbiri ndipo langokhala dzanja.

Kodi zinawawa kwambiri? Zala zija anaziika kuti? Amalume akuti zimayabwabe ngakhale kulibe, zoona? Mukabwera mudzandionetse pamene pamayabwapo, ndidzayesa kukukandani.

Ndakwiya nanu pang'ono. Mukanandiuza ndikanamakulemberani sabata iliyonse, bwenzi muli ndi chowerenga belu la alendo likalira.

Kusukulu ndabwerera. Ndinauza kalasi kuti amayi anga sanamwalire, ndipo aphunzitsi anati ulendo wina ndizifunsa kaye ndisanalengeze maliro.

Pepala lanu ndalibweza, lili mu envulopu muno, musadabwe. Ndinaika dzanja langa pamwamba pa lanu monga mwa nthawi zonse. Zala zanga zitatu zinagwera pamalo opanda kanthu paja, ndiye ndinazijambula pomwepo. Ndi zazifupi, koma zikukula. Limenelo musunge inuyo. Kuno ndili nawo manja ambiri, inu kumeneko mulibe ngakhale limodzi.

Za tsitsi, a anti akundiphunzitsa kuluka ndekha. Kutsogolo ndikutha, koma kumbuyo mizere imakhota chifukwa sindiona. Inu mudzangogwira chipeso n'kumandidulira mizere. Ndayesa ndi zala ziwiri, chimagwirika.

Mpango wobiriwira mudzavale kumutu. Potsika basi dzanjalo lidzakhale panja, kuti ndidzakuoneni msanga.

Ine mwana wanu,
Kamphepo